Kujambula mbalame ili m'malere kumafuna kudekha

Masiku ano mafoni okhala ndi kamera afika paliponse, ndipo achinyamata ambiri a m'mbali mwa nyanja ya Niassa amayesa kujambula mbalame zikuuluka. Koma akayang'ana chithunzi chija amapeza mitambo yokhayokha, mwina kadontho kakuda kosadziwika kumutu ndi kumchira. Ena amadandaula kuti foni yawo ndi yotchipa, chonsecho kawirikawiri chimene chawasowa ndi kudziwa khalidwe la mbalame.

Mbalame yabwino kuphunzirirapo ndi ija yoyera ya mutu wotuwa, mlomo ndi miyendo yofiira, imene pa Chipwitikizi amaitcha gaivota. Imapezeka pa nyanja ya Niassa ndiponso ku Cahora Bassa. Siopa anthu kwenikweni, ndipo m'mamawa imazungulira pamene asodzi akukocheza ndi usipa wawo. Ikayang'anizana ndi mphepo imaoneka ngati yaima malo amodzi, ndipo nthawi yojambula ndi yomweyo. Makwangwala a pamsika ndi akakowa otsata ng'ombe nawonso ndi osavuta, chifukwa sauluka mothamanga.

Choyamba kudziwa ndi chakuti mbalame ponyamuka ndi potera imayang'ana kumene mphepo ikuchokera. Motero wojambula aime pamene mphepo ikumuomba kumsana, kuti mbalame izibwera chomuyang'ana. Dzuwanso likhale kumsana. Apa anthu a ku Metangula, ku Cobue ndi ku Meponda ali ndi mwayi, pakuti gombe lawo lili kum'mawa kwa nyanja: munthu akayang'ana kumadzi m'mamawa, dzuwa limakhala kumbuyo kwake ndipo nthenga zonse zimaoneka bwino. Madzulo zinthu zimatembenuka, mbalame imangotuluka ngati chithunzithunzi chakuda.

Chachiwiri ndi liwiro. Kuti mapiko asaoneke mwachimbuuzi, diso la kamera liyenera kutsegula ndi kutseka m'kanthawi kochepa kwambiri, monga 1/1000 ya sekondi. Anamzeze, amene sachedwa kukhota, amafuna 1/2000 kapena kuposapo. Foni imasankha yokha liwiroli, ndipo imafulumira pamene kunja kukuwala bwino. Mafoni ambiri alinso ndi njira yojambulira zithunzi zambiri motsatizana. Mwa zithunzi makumi awiri, chimodzi chikhoza kukhala chabwino. Kale, nthawi ya mafilimu a zithunzi 36, kuyesa kotere kunali kuononga ndalama, koma lero zosafunikazo munthu amangofufuta.

Chachitatu ndi kaimidwe. Wojambula aike zigongono m'nthiti, atsate mbalame ndi thupi lonse ikali patali, ndipo asaime pamene akudina. Mbalame yoyera padzuwa imawala mopitirira mpaka nthenga zake osaoneka, choncho ndi bwino kuchepetsako kuwala pa kamera. Kukoka chithunzi ndi zala pa foni kumachiononga. Kuli bwino kudikira mbalameyo ifike pafupi.

Luso limeneli silinayambe lero. M'chaka cha 1882, katswiri wa sayansi wa ku France, Étienne-Jules Marey, anapanga kamera yooneka ngati mfuti imene inkajambula zithunzi 12 pa sekondi imodzi, ndipo gaivota inali imodzi mwa mbalame zimene anajambula. Mu 1884 Ottomar Anschütz wa ku Germany anajambula adokowe akuuluka, ndipo zithunzi zake zinathandiza Otto Lilienthal, mmodzi mwa anthu oyamba kuuluka ndi mapiko opanga.

Koma pali khalidwe lina loipa limene liyenera kutha. Ena pofuna chithunzi amaponyera mbalame miyala kapena kuombera m'manja pafupi ndi zisa kuti zidzambatuke. Make mbalame akathawa, mazira amapsa ndi dzuwa kapena amadyedwa ndi khwangwala. Chithunzi chakenso sichikoma, chifukwa mbalame yothawa imaonetsa mchira wokha. Mu 2011 boma la Mozambique linalengeza kuti mbali yake ya nyanja ya Niassa ndi malo otetezedwa, ndipo mbalame za pamenepo ndi gawo la chuma chimenecho.

Chithunzi cholembedwa tsiku ndi malo chimasanduka mboni. Mphamba ya mchira wamphanda imafika cha mu Ogasiti ndi Seputembala, pamene anamzeze ochokera ku Ulaya amabwera mvula ili pafupi kuyamba. Sukulu imene ingasunge zithunzi zotere chaka ndi chaka idzadziwa msanga ngati nkhwazi kapena gaivota zayamba kuchepa pa doko lake, ndipo mafumu ndi asodzi adzakhala ndi poyambira pokambirana.

Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Wojambula amene akhala phee pagombe kwa ola limodzi amabwerako ndi chithunzi, ndipo mbalame zija mawa amazipeza pomwepo.