Mutu waching'alang'ala si ufiti, si ulesi

Tsiku lina m'mawa ndikuwerenga kalata kuntchito, ndinangoona kuti pakati pa pepala mawu asowa. Posakhalitsa panabwera kamzere kothwanima, kokhotakhota ngati mano a sowo, ndipo kanayamba kukula kulowera kumanja. Kamzereko katatha, zala za dzanja lamanja ndi milomo zinachita dzanzi. Abwana atandifunsa za kalatayo ndinkadziwa choyankha, koma pakamwa pankatuluka zina. Iwo anandiyang'anitsitsa nati, "Kodi bambo, mwayamba kulawa m'mamawa?" Kunyumba nako, mutu utayamba kugunda ine n'kumasanza, azakhali anagamula kuti alipo wandichita chipongwe, choncho ndipite ndikatemere mphini.

Onsewa analakwa, ndipo ndi chifukwa chake ndalemba nkhaniyi. Matendawa ndi mutu waching'alang'ala, umene madokotala amati migraine. Padziko lonse umagwira pafupifupi munthu mmodzi mwa anthu 7 alionse, ndipo amayi odwala ndi ochuluka pafupifupi katatu kuposa abambo. Ukayamba umatenga maola 4 mpaka 72. Kawirikawiri umagunda mbali imodzi, umadzetsa nseru, ndipo kuwala ndi phokoso zimasanduka adani.

Chimene chimasokoneza anthu ndi zizindikiro zachilendo zija, zomwe zimafikira pafupifupi wodwala mmodzi mwa atatu kapena anayi mutu usanayambe. Ena amaona zothwanima, ena amachita dzanzi, ena lilime limalemera, ndipo alipo owerengeka amene amaona zinthu zikuchepa kapena kukula. Gwero lake likudziwika. M'chaka cha 1944 Aristides Leão wa ku Brazil, pofufuza ubongo wa akalulu, anapeza kafunde konga ka magetsi kamene kamakwawa pamwamba pa ubongo, pafupifupi mamilimita 3 pa mphindi imodzi. Kamayenda ngati moto wa m'tchire: kutsogolo malawi, m'mbuyo lupsa. Kakamadutsa kunkhongo, kumene kuli mbali ya ubongo yoonera, munthu amaona zothwanima kenaka khungu. Kakafika mbali yolankhulira, mawu amathawa. Kusiyana kwake ndi moto ndi kwakuti kawirikawiri chizindikiro chilichonse chimatha pasanathe ola, ubongo n'kubwerera mwakale.

Tsono tiyeni tiuzane zoona. Inde, alipo anzathu amene amanamizira mutu Lolemba m'mawa pomwe vuto lawo ndi matsire. Koma kodi bodza la mmodzi likhale mlandu wa onse? Inu mabwana, munthu amene wagwira ntchito mokhulupirika mwezi wathunthu akapempha kuti akagone m'chipinda chamdima, musamuyese waulesi. Mukamukakamiza kukhala padesiki mudzangopeza ntchito yolakwika. Inu achibale, ndalama zokaombezera kwa sing'anga zikhale zokwerera minibasi kupita kuchipatala. Mphini sizifika muubongo, ndipo kuloza chala mnansi kumangopasula mudzi.

Nafenso odwala tili ndi mbali yathu. Tisunge kabuku kolembamo tsiku limene mutu wabwera ndi zimene zinachitika dzulo lake, pakuti kudumpha chakudya, kuchezera usiku, mowa, nkhawa ndi nthawi ya kumwezi kwa amayi ndi zina mwa zimene zimauputa. Panado kapena asipirini amathandiza ukamwa mutu utangoyamba, koma kumwa mankhwala otere masiku 15 kapena kuposerapo mwezi ndi mwezi kumabala mutu wina wa tsiku ndi tsiku. Ngati mutu ukubwera pafupipafupi, funsani adokotala za mankhwala oteteza monga propranolol ndi amitriptyline. Amayi amene mumaona zothwanima zija, uzani a zakulera musanalandire mapiritsi okhala ndi estrogen, chifukwa amawonjezera chiopsezo cha sitiroko, makamaka kwa osuta fodya. Njira zina zolerera zilipo.

Komabe pasapezeke wina wowerenga nkhaniyi n'kuyamba kudziyeza yekha. Dzanzi kapena kulephera kulankhula kumene kwabwera koyamba, kwadzidzidzi, kapena kwapitirira ola, kungakhale sitiroko. Mutu wowawa koopsa umene wagwa ngati mphezi, kapena wobwera ndi kutentha thupi ndi kuuma khosi, ndi wothamangira nawo kuchipatala nthawi yomweyo. Safunsa anadya phula.

Ine ndinapita kuchipatala ndipo anandiuza dzina la matenda anga. Sindinachiriretu. Kamzere kaja kamabwerabe, koma masiku ano kakaoneka ndimamwa mankhwala, ndimauza anzanga, ndipo ndimakagona popanda manyazi kapena kukayikira mnansi. Chimene odwala tikupempha ndi chochepa: mutikhulupirire tikanena kuti tadwala. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.