Phala si la ana ndi odwala okha

Ikamakwana 6 koloko m'mawa ku Ndirande, ku Kawale kapena ku Chibavi, ana amakhala atafola kale pa okala, ndalama ili m'manja, kudikira buledi. Kunyumba ketulo ili pa mbaula. Tiyi wopanda mkaka, masupuni atatu a shuga, magawo awiri a buledi, basi banja lafisula. Pofika 10 koloko mwana uja ali m'kalasi akungoyasamula, bambo ake ali kuntchito maso ali ku chiwaya, ndipo mayi ali pa msika akufunafuna wogulitsa mandasi. Chonsecho m'nyumba momwemo, kuseri kwa chitseko, muli thumba la chimanga chimene agogo anatumiza kuchokera kumudzi, ndipo pa msika womwewo soya ndi mtedza zili mbwee pa mabenchi.

Chimene chikulepheretsa banja limeneli kudya kadzutsa wogwira mimba ndi manyazi. Phala linapatsidwa mbiri yoti ndi la makanda ndi odwala. Ngakhale chilankhulo chathu chikuchitira umboni, paja sukulu ya tiana timaitcha ya mkombaphala, ngati kuti amene wafika Sitandade 1 wasiyana nalo mpaka kalekale. Munthu wamkulu akaulula kuti wamwa phala, anzake amamufunsa ngati wadzuka bwino kapena ngati mwezi wafika poipa. Likakhala la mgaiwa ndiye nkhani imakula, chifukwa ambiri mgaiwa umawakumbutsa sukulu yogonera komweko ndi zaka za njala. Manyazi amenewa akudyetsa mabanja chakudya chodula koma chosapindulitsa thupi, ndipo ndi oyenera kuthetsedwa.

Nkhani iyambire pa ufa. Kuti ufa woyera upezeke, chimanga chimakonoledwa, madeya n'kupetedwa, mphale n'kuviikidwa m'madzi masiku angapo, kenako kutsukidwa, kuyanikidwa ndi kugayitsidwa. Pa sitepe iliyonse pamatayika kanthu. Khungu la njere limene limathandiza kuti m'mimba muziyenda bwino limapita ndi madeya. Kamtima ka njere, komwe kali ndi mafuta, mavitamini ndi gawo la zomanga thupi, nakonso kamatsatira komweko. Zina zotsala zimasungunuka m'madzi oviikira aja n'kutayidwa kuseri kwa nyumba. Nkhuku ndi nkhumba zodya madeya zimanenepa pa chifukwa chomveka. Nsima ya ufa woyera ili ndi malo ake pa nkhomaliro, pomwe pali ndiwo zoti ziphimbe zimene zasowazo, koma phala la m'mawa nthawi zambiri limayenda lokha. Likakhala la ufa woyera, madzi ndi shuga, limadutsa m'thupi mofulumira ndipo njala imabweranso dzuwa lisanakwere. Mgaiwa, popeza ndi njere yonse yogayidwa, umagayika pang'onopang'ono m'mimba, ndipo munthu amafika masana ali ndi mphamvu.

Komabe chimanga pachokha, ngakhale cha mgaiwa, sichikwanira. Zomanga thupi zimene zili m'chimanga ndi zochepa, pafupifupi magalamu 9 pa magalamu 100 alionse, komanso n'zoperewera mbali ina imene asayansi amaitcha lysine. Mbali imeneyi ndi imene imapezeka yambiri mu soya, nyemba ndi nandolo. Soya yekha ali ndi zomanga thupi zopitirira magalamu 35 pa 100 alionse, pomwe mtedza uli ndi pafupifupi 25, kuwonjezera apo pafupifupi theka la kulemera kwake ndi mafuta. Zikakumana mumphika umodzi, china chimakwaniritsa chimene chinzake chasowa.

Nzeru imeneyi sinachokere kutali. Likuni Phala, amene lero amagulitsidwa m'masitolo ndi kuperekedwa m'zipatala, anatenga dzina lake ku Likuni, mishoni ya Akatolika ili pafupi ndi mzinda wa Lilongwe, kumene ogwira ntchito pa chipatala anayamba kusakaniza ufa wa chimanga ndi mbewu za gulu la nyemba pofuna kupulumutsa ana onyentchera. Phala la mtundu womwewu, la chimanga ndi soya lothiridwa mavitamini, ndi limene bungwe la Mary's Meals limaphika m'sukulu. Ntchitoyi inayambika m'dziko muno mu 2002 ndi Magnus MacFarlane-Barrow wa ku Scotland, ndipo inayamba ndi ana pafupifupi 200. Lero ana oposa miliyoni imodzi m'Malawi amalandira kapu ya phala tsiku lililonse la sukulu, lophikidwa ndi makolo odzipereka amene amalawirira mbandakucha kukasonkha moto. Aliyense wodutsa pafupi ndi sukulu zimenezi amaona ana atakolekera makapu apulasitiki pa zikwama. Ngati kapu imodzi ikukwanitsa kukokera mwana m'kalasi ndi kumukhazika pansi mpaka kuweruka, n'chifukwa chiyani nyumba yomwe ili ndi chimanga chakechake izidikira kuti ena adzaiphikire?

Kukonza ufa wake si ntchito yofuna ukatswiri. Muyezo wosavuta kukumbukira ndi makapu 4 a chimanga pa kapu imodzi ya soya. Pamene ambiri amalakwitsa ndi pa soyapo. Soya wosaphika ali ndi zinthu zolepheretsa thupi kugaya bwino zomanga thupi, ndipo akanyowa ndi madzi ozizira asanatenthedwe amatulutsa kafungo kamene kamachititsa ana kukana phala. Njira zake zilipo ziwiri. Yoyamba ndi kumusankha bwino n'kumukazinga pa moto wochepa mpaka atasintha mtundu ndi kuyamba kununkhira, osamupsereza. Yachiwiri ndi kumuthira ali wouma m'madzi owira kale, pang'onopang'ono kuti madzi asasiye kuwira, n'kumusiya pafupifupi theka la ola, kenako kumutikita kuti makoko achoke ndi kumuyanika mpaka aume gwaa. Akatero amasakanizidwa ndi chimanga chopetedwa bwino, ulendo wa ku chigayo. Mtedza ndi bwino kuusinja padera ndi kuthira nsinjiro pophika, chifukwa mafuta ake amachititsa ufa kuti usachedwe kumveka fungo. Pa chifukwa chomwecho, ufa wa mgaiwa wosakaniza ugayitsidwe wa milungu iwiri kapena itatu yokha, n'kusungidwa m'ndowa yotseka.

Pa moto, ufa umasungunulidwa kaye m'madzi ofunda kuti pasakhale mibulu, mthiko osaumana mpaka phala litayamba kubwata. Likabwata lisiyidwe mphindi 15 kapena 20, chifukwa mgaiwa wosapsa ndi umene unaipitsa mbiri ya mgaiwa wonse. Nsinjiro zilowe phala lili pakati pa ulendo kuti nazo zipse, ndipo kamchere kakhale ka ayodini.

Kulimba kwa phala ndi nkhani yaikulu kuposa mmene ambiri amaganizira, makamaka kwa mwana amene wakwanitsa miyezi 6 ndipo wayamba kulawa zakudya zina pambali pa bere. Kamimba kake n'kakang'ono. Kakadzadza ndi phala lamadzimadzi, mwana amaoneka wokhuta pomwe wamwa madzi okhaokha. Alangizi a zaumoyo ku sikelo amaphunzitsa muyezo wa supuni: phala labwino limakakamira pa supuni ikapendekeka, siliyenderera ngati thobwa. Mayi akaona kuti mwana akuvutika kumeza phala lolimba, asathamangire madzi. Kaufa ka chimera, chomwe chija chopangira thobwa, kakathiridwa pang'ono m'phala lomwe laphulidwa n'kuzizirako, kamalifewetsa m'mphindi zochepa popanda kuchepetsa chakudya chili m'mbalemo. Kenako phalalo libwezeredwe pa moto kuti liwirenso asanapatsidwe mwana.

Izi si nkhani zongokometsera kukhitchini. Kafukufuku wa zaumoyo wa dziko lino wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti ana 37 pa 100 alionse osakwana zaka 5 anali opinimbira. Chiwerengerochi chinatsika kuchoka pa 47 mu 2010, koma chikutanthauzabe mwana mmodzi mwa atatu alionse, n'kuposerapo. Kupinimbira kumakhudza msinkhu ndi ubongo womwe, ndipo mwana akapitirira zaka ziwiri kumavuta kukonza. Boma limalimbikitsa kudya magulu 6 a zakudya tsiku lililonse: zokhutitsa, zanyemba, zanyama, zamasamba, zipatso ndi zamafuta. Anthu ambiri akamva mndandandawu amaona ngati ndi wa olemera, koma mbale imodzi ya phala ikhoza kunyamula magulu anayi kapena asanu dzuwa lisanatuluke. Mgaiwa ndi soya ndi magulu awiri kale. Supuni ya mafuta ophikira, amene ogulitsidwa m'mabotolo amakhala ndi vitamini A, ndi lachitatu. Dzira loswera m'phala lili pa moto, mkaka, kapena ufa wa usipa wokazinga ndi kusinja kwa amene anazolowera kakomedwe kake, ndi lachinayi. Nthochi yakupsa, papaya kapena bango pambali zimatseka mndandanda wa m'mawa, masamba n'kudikira nkhomaliro.

Ndipo phala silikakamira chimanga. Ku Karonga ndi ku Nkhotakota kuli mpunga, ndipo phala la mpunga lothira nsinjiro limadziwika bwino kwa aliyense amene anakhalapo ndi Asilamu pa nthawi yomasula m'mwezi wa Ramadan. Ku Chitipa ndi ku Mzimba kuli mawere, omwe ali ndi kashiamu wolimbitsa mafupa wochuluka kuposa chimanga. Ku Chikwawa ndi ku Nsanje kuli mapira ndi mchewere, komanso malambe amene ufa wake umapatsa phala kowawasa kokoma ndi vitamini C. Mbatata yofiira mkati, monga Zondeni ndi Kadyaubwerere, ikaphikidwa n'kupotedwa m'phala imalitsekemeretsa yokha.

Pali chenjezo limodzi losayenera kulambalalidwa. Mtedza ndi chimanga zikasungidwa zisanaumitsitse zimachita chuku, ndipo chuku china chimatulutsa poizoni wotchedwa aflatoxin amene amawononga chiwindi ndi kusokoneza kakulidwe ka ana. Poizoniyu safa ndi moto wa pa mafuwa. Chomvetsa chisoni n'chakuti m'makomo ambiri mtedza wabwino umapita ku msika, ndipo wofota, wosweka ndi wakuda ndi umene umatsala kuti usinjidwe. Chizolowezi chowaza madzi pa mtedza kuti usavute kusenda nachonso chimaitana chuku. Nsinjiro za phala la mwana zichokere ku mtedza wosankhidwa umodziumodzi pa lichero, ndipo njere yokayikitsa itayidwe osaiwerengera mtengo.

Ena adzati phala limadya nthawi ndi makala, pomwe tiyi ndi wa mphindi zisanu. Zoona, mphika wa phala umakhalitsa pa mbaula. Koma makala amene ayatsidwa kuti awiritse madzi a tiyi sazima ketulo ikaphulidwa, amangonyeka pachabe mpaka atasanduka phulusa, ndipo moto womwewo ndi wokwanira kupsetsa phala pamene ana akusamba. Kumbali ya thumba, tirigu wambiri wopangira buledi amachokera kunja ndipo amagulidwa ndi ndalama zakunja. Kwacha itagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mtengo wa buledi unathamanga nawo. Soya ndi mtedza zimalimidwa ku Mchinji, ku Kasungu, ku Dowa ndi ku Dedza. Tiyinso ali ndi vuto lake: akamwedwa pamodzi ndi chakudya amachepetsa ayironi amene thupi likanatengamo, chinthu chofunika kwambiri kwa amayi oyembekezera ndi atsikana. Amene sangathe kukhala opanda tiyi amumwe patapita kanthawi atadya.

Shuga naye achepe. Masupuni anayi m'kapu imodzi amabweza m'mbuyo ubwino wonse wa mgaiwa, makamaka masiku ano pomwe matenda a shuga ndi kuthamanga kwa magazi akuchulukira m'mabanja. Lilime limazolowera msanga, ndipo nsinjiro ndi nthochi zikakhalapo supuni imodzi imakwana.

Kusintha kwenikweni kudzayamba tsiku limene abambo adzakhale pa mkeka kapena pa tebulo ndi mbale yawo ya phala ana akuona. Wakabaza amene amapalasa njinga kuyambira m'bandakucha, mmisiri woumba njerwa, mphunzitsi woima maola asanu kutsogolo kwa kalasi, onsewa amafuna chakudya chokhalitsa m'mimba kuposa mmene khanda limafunira, ndipo mwana amene waona bambo ake akukomba mbale sakana phala. Nyengo yokonzekera ndi ya kukolola, mu Epulo ndi Meyi, pamene mavenda amakhala atapachika masikelo pa mphambano iliyonse. Banja la anthu asanu likapatula thumba limodzi la soya la makilogalamu 50 lisanagulitse wotsalayo, n'kulisunga pouma pamodzi ndi mtedza wosasenda, lidzakhala ndi chosakaniza ndi mgaiwa m'mawa uliwonse mpaka zokolola zina zitalowa m'nkhokwe.