Nsomba tinazizolowera m'mbale, tiyeni ana azione zili moyo



Sabata yatha ndinachita manyazi m'kalasi. Ndimaphunzitsa Fomu 3 za kaberekedwe ka nsomba, ndipo ndinajambula chambo pabolodi n'kunena kuti chachikazi chimasunga mazira m'kamwa mpaka ataswa. Mtsikana wina anakweza dzanja, amvekere, "Aphunzitsi, nanga sichimeza?" Kalasi yonse inafa ndi phwete. Ndinabwereza zam'buku, koma ndinaona kuti palibe akundikhulupirira. Mawa lake ndinabwera ndi chithunzi pafoni, chojambulidwa pansi pa madzi: nsomba itayasamula, tiana tikuthamangira m'kamwa mwa make. Foni inazungulira kalasi yonse ana ali zii. Zimene choko chinalephera, chithunzi chimodzi chinakwanitsa.

Ganizo langa ndi ili: kujambula zithunzi pansi pa madzi si masewera a azungu odzaona malo ayi. Ndi chida chophunzitsira, ndipo ife tikuchinyalanyaza.

Luso limeneli si ladzulo. M'chaka cha 1893, Louis Boutan wa ku France ankamira kale m'nyanja yamchere ya Mediterranean ndi kamera yotsekeredwa m'chibokosi cholemera. Mu 1926, William Longley ndi Charles Martin anajambula nsomba mwa mitundu yake yeniyeni ku Florida. Vuto lalikulu ndi kuwala. Madzi amayamba kumeza mtundu wofiira, moti ukatsika mamita 5 okha kufiira kumazimiririka, zonse n'kumaoneka zobiriwira. N'chifukwa chake ojambula amanyamula nyali zawo ndipo amayandikira nsombayo kwambiri. Aphunzitsi a Physics, phunziro la kuwala silimenelo?

Taganizirani za nsomba ija yotchedwa coelacanth. Akatswiri ankati inatha kalekale, mpaka asodzi anaikola ku East London, South Africa, mu 1938. Koma yakufa siinganene mmene imakhalira. Mu 1987 ndi pamene Hans Fricke anaijambula ili moyo ku Comoros, dziko n'kuona mmene imapalasira zipsepse zake. Zaka pafupifupi 50 anthu ankadziwa mtembo wokha.

Ife ndi nyanja yathu tili pomwepo. Nyanja ya Malawi ili ndi mitundu ya nsomba yoposa 700, kuposa nyanja ina iliyonse yamadzi opanda mchere, ndipo yambiri sipezeka kwina kulikonse. N'chifukwa chake paki ya ku Cape Maclear, imene inakhazikitsidwa mu 1980, inalowa m'kaundula wa UNESCO mu 1984. Mbuna zathu anazijambula bwino anthu ngati Ad Konings wa ku Netherlands, ndipo tiyenera kuwathokoza. Koma mabuku otere sindinawaonepo m'laibulale ya sukulu iliyonse imene ndaphunzitsapo. Mwana wa ku Ulaya amaweta mbuna m'nyumba, pamene mwana wanga amadziwa usipa wouma ndi chambo chokazinga basi.

Kodi zili ndi kanthu? Ee, zili ndi kanthu. Mu 2018 bungwe la IUCN linaika chambo m'gulu la zamoyo zimene zili pachiopsezo chachikulu chakutha. Timauza ana kuti kugwira nsomba ndi masikito n'koipa, kuti nyanja ikatsekedwa tizilemekeza lamulo. Amaloweza, n'kulemba mayeso, n'kuiwala. Koma mwana amene waona chithunzi cha nsomba yaimuna ikukonza chisa chake pamchenga amamvetsa yekha zimene khoka limachita likamakwakwaza pansi. Munthu sasamala chinthu chimene sanachionepo.

Ndikudziwa ena mukuti, "Achimwene, madesiki tilibe, mabuku ndi ochepa, ndiye mukukamba za makamera?" Zoona, ndipo sindikunena kuti tisiye kumenyera madesiki. Koma mbuna zimakhala m'miyala yosaya, pamene dzuwa limafika bwino. Foni wamba m'kathumba kosalowa madzi ndi magalasi osambirira n'zokwanira kuyambira. Chofunika kwambiri ndi chimene makolo ananena, kuona maso a nkhono n'kudekha.

Ndiye pempho langa nali. Aphunzitsi anzanga, mukatenga ana a Wildlife Club kupita kunyanja, asamangojambulitsa ataima pamchenga. Odziwa kusambira, pamadzi osaya ndiponso pali wamkulu wowayang'anira, asuzumireko pansi. Amene muli kutali ndi nyanja, sindikizani zithunzi zingapo muzimate kukhoma. Inu ana anga amene mukugwira ntchito ku Mangochi, Salima kapena Nkhata Bay, jambulani mutitumizire. Ndikulakalaka tsiku limene ndidzaonetse kalasi chithunzi cha mbuna n'kunena kuti anajambula ndi mwana amene ankakhala pa desiki lomwe mwakhalalo.

Mtsikana uja wafunsanso kuti nsombayo imadya bwanji ili ndi mazira m'kamwa. Ndamuuza kuti imapirira njala mpaka ana atakhwima. Ulendo uno wakhulupirira.