CIWERUZO COGULA SICIKOMA, NGAKHALE CIGWERE WOIPA

Pali buku lina la Cingerezi limene lakhala likuyenda m'manja mwa anthu ophunzira kuno ku Chipata. Ine ndinalibwereka kwa mphunzitsi wina amene analigula pa mulu wa mabuku akale pafupi ndi msika wa Kapata. Dzina lace ndi The Runaway Jury, mlembi wace ndi John Grisham wa ku America, ndipo linatuluka m'caka ca 1996. Bukuli linalembedwa mwaluso, kotero kuti munthu akaliyamba nsima imazizira pa mphasa. Cimene candivuta ine ndico maganizo a anthu amene analiwerenga. Onse amene ndinaceza nao anakondwera ndi mathero ace, nati cilungamo cinapambana. Ine ndikana, ndipo ndifuna kufotokoza cifukwa cace.

Poyamba ndithandize iwo amene sanaliwerenge. Ku America milandu yambiri siigamulidwa ndi woweruza yekha. Amasankha anthu wamba, alimi, amisiri, akalaliki ndi ena otere, kuti akhale pansi, amve umboni wonse, ndi kunena amene walakwa. Gulu limeneli amalicha juri. Kuno ku Zambia mwambo umenewu tiribe, pakuti m'Khoti Lalikulu woweruza ndiye amamva mboni nagamula.

Nkhani ya m'bukumo icitikira m'mudzi wa Biloxi, m'cigawo ca Mississippi. Mai wamasiye aimba mlandu kampani ya fodya cifukwa mwamuna wace anafa ndi nthenda ya m'mapapo atasuta zaka zambiri. Eni fodya alemba nchito munthu wocenjera, dzina lace Rankin Fitch, kuti azonde anthu 12 a m'juri, aopseze ena ndi kunyengerera ena. Koma pakati pa anthu 12 aja pali mnyamata, Nicholas Easter, amene analowamo dala, ndipo kunja kuli bwenzi lace, Marlee. Awiriwa auza Fitch kuti ciweruzo ciri pa malonda, nalandira madola 10 miliyoni. Atalandira ndalamazo atembenuka, nakokera anzao ku mbali ya wamasiye, ndipo kampani ilipitsidwa madola oposa 400 miliyoni. Pa mapeto timva kuti makolo a Marlee anafa ndi nthenda ya fodya yomweyo.

Tsono mphunzitsi uja anati kwa ine, "Bambo, fisi wagwa m'mbuna yokumba yekha, cotidandaulitsa nciani?" Mnyamata wina, mwana wa mlimi wa fodya wa ku Chipangali, anati iye anaseka usiku wonse, pokumbukira zaka zimene atate wace anabwera ku malonda ndi ngongole m'malo mwa ndalama. Sindimnyoza mnyamatayo. Dziko lino lalima fodya kuyambira masiku amene mudzi uno unali Fort Jameson, ndipo tonse tidziwa kuti wopindula kweni-kweni si iye amene amagona m'cigafa. Munthu wotere akaona wolemera atagwa, mtima wace uyenera kuzizira.

Koma taonani njira imene Nicholas anapambanira. M'juri muja munali mkulu wina wakhungu, Herman Grimes, amene anzace anamsankha kuti awatsogolere. Munthuyu sanagulidwe ndi mbali iriyonse. Anafuna kumva umboni ndi kutsata lamulo basi. Pakuona kuti sangathe kumpinda, Nicholas anamthirira mankhwala m'cakumwa, nadwala, nacotsedwa. Enanso amene maganizo ao sanamkomere anawacotsa ndi misampha. Kodi ici ndico cilungamo cimene tiombera m'manja? Munthu mmodzi woongoka amene anali m'nyumbamo ndiye anatengedwa pa macira, ndipo ife owerenga sitinamlire, cifukwa maso athu anali pa madola a kampani.

Ena adzati kwa ine, "Nanga wosauka acitenji, popeza wolemera anayamba kale kugula?" Funso limeneli nlolemera, ndipo sindilipeputsa. Koma yankho lace liri poyera. Ciweruzo cikasanduka katundu wa pa msika, amene adzapita naco kwao masiku onse ndiye mwini thumba lalikulu. Nicholas Easter apezeka m'buku mokha, kumene mlembi ali ndi mphamvu yomupatsa nzeru zoposa anthu onse. Fitch ndiye apezeka pa dziko, ndipo ine ndakumana naye pa mudzi pathu, ngakhale sanabvale suti.

Makolo athu anali ndi juri yaoyao, ndiyo bwalo. Mlandu unali kukambidwa usana, pansi pa mtengo, mfumu iri pakati pa nduna zace, ndipo aliyense wodziwa kanthu anali kuloledwa kulankhula. Boma la Atsamunda linabvomereza mabwalo a mafumu ndi lamulo la 1929, ndipo dziko litalandira ufulu, lamulo la 1966 linakhazikitsa makhoti ang'ono amene akali kuweruza milandu ya maukwati, ya cuma ca masiye ndi ya kulakwirana kwa pa mudzi. Mphamvu ya bwalo inagona pa cinthu cimodzi: zonse zinali kunenedwa anthu akumva. Ndiri mnyamata ndinaona mlandu wa malire a munda pakati pa azakhali anga ndi munthu wina wa ng'ombe zambiri. Azakhali anali ndi mboni zokwanira ndipo mlandu unali wao. Koma acibale ena, poopa cuma ca mnzathuyo, anatuma mbuzi usiku kwa nduna ina. Tinapambana, inde, koma nkhani ya mbuzi inamveka, ndipo kufikira imfa yao azakhali anali kunenedwa kuti analima munda wogula ndi mbuzi. Patapita zaka ana a munthu uja anautsanso mlandu, pakuti mlandu suola, ndipo iwo anatuma ng'ombe. Mundawo lero si wathu.

Kukhotetsa mlandu sikucitika ndi ndalama zokha ai. Mantha naonso amagula. Ife a ku Chipata tiyenera kukumbukira za Orton Chirwa, loya woyamba wa Cifirika wa ku Nyasaland, amene anali nduna ya zacilungamo pamene Malawi analandira ufulu mu 1964. Pa 24 December 1981 iye ndi mkazi wace Vera anagwidwa. Iwo ananena kuti anabedwa m'dziko la Zambia, kufupi ndi kuno, pamene boma la Dr. Banda linati anagwidwira m'Malawi. Anawazenga mlandu woukira boma m'khoti la mafumu, kumene sanaloledwe kukhala ndi loya wowaimira, ndipo mu 1983 anaweruzidwa kuti aphedwe. Pambuyo pace cilango cinasinthidwa kukhala ndende ya moyo wonse. Orton anafera m'ndende ya Zomba mu 1992, ndipo Vera anamasulidwa mu 1993. Amene anakonza mlandu umenewo sanadzione ngati anthu oipa. Anakhulupirira kuti ateteza dziko, monga Nicholas anakhulupirira kuti abwezera imfa ya osalakwa. Aliyense wopinda ciweruzo ali ndi cifukwa cimene cimkomera iye mwini.

Ngati tifuna ngwazi zoti tiziyamikire, ziripo, ndipo siziri kutali. Pa 3 February 2020 oweruza asanu a ku Malawi, Healey Potani, Ivy Kamanga, Dingiswayo Madise, Redson Kapindu ndi Michael Tembo, anafafaniza cisankho ca pulezidenti ca 2019. Mlandu uli m'kati, kunamveka kuti munthu wina anayesa kuwapatsa ziphuphu, ndipo mkulu wa oweruza, Andrew Nyirenda, anakanena ku bungwe lolimbana ndi ziphuphu. Oweruzawo sanalandire ndalamazo kuti acenjeretse mwini wace monga anacitira Marlee. Anakana, naulula, nawerenga ciweruzo cao poyera tsiku lonse. Cifukwa cace ciweruzoco cinaima pamene cinapita ku khoti la apilo, ndipo anthu anaponyanso voti mu June caka comweco. Akadalandira kanthu, ngakhale khobidi limodzi, wogonja akadapeza pobisala, ndipo dziko likadagawanika.

Kotero, owerenga anzanga, liwerengeni bukulo, ndipo mukondwere ndi ukatswiri wa mlembi wace. Koma mukafika pa tsamba lotsiriza, dzifunseni kumene inu mukadakhala m'nkhaniyo. Ambiri a ife sitidzakhala Nicholas kapena Marlee. Tidzakhala wamasiye amene munda wace uli pa bwalo, kapena mkulu wakhungu uja amene anangofuna kumva umboni. Caona mnzako capita, mawa ciri pa iwe. Mbale wanu akadza usiku nati tisonkhe kanthu kokapereka kwa nduna kapena kwa kalaliki wa khoti, cifukwa mlandu ngwathu ndithu, mumuuze kuti ngati mlandu ngwathu tikaunene usana. Ndipo wina akakupemphani ciphuphu, boma linaika bungwe lolandira madandaulo otere ndi lamulo la 1980, pitani mukanene. Kugonja pa bwalo loongoka kumawawa, koma munthu amatha kucita apilo. Bwalo likazolowera mbuzi, ana anu adzalipeza litakweza mtengo.