Kodi tikuwotcha chambo kapena alendo?

Pali matenda amene agwira anthu omanga malo odyera m'mbali mwa nyanja zathu. Munthu akangopeza kandalama amatsegula foni, n'kuona chithunzi cha lesitanti ya ku Dubai kapena ku Cape Town, khoma lonse galasi kuyambira pansi mpaka kudenga. Basi, mawa lake mmisiri wauzidwa kale: "Ndimangireni chonchi." Ngakhale kwa Kaduya kuno, kumene nyanja yathu ndi Chilwa ya matemba ndi milamba, achinyamata olota zodzatsegula malo odyera amalota galasi lomwelo.

Ine galasi sindidana nalo. Mlendo amene walipira chambo amafuna adye akuona madzi, ndipo ndi ufulu wake. Chimene ndikukana n'kumanga ng'anjo n'kuitcha chitukuko.

Aliyense amene anakwerapo minibasi yotseka mawindo mwezi wa Okutobala akudziwa mmene galasi limachitira. Kuwala kwa dzuwa kumalowa mosavuta, n'kutenthetsa simenti, mipando ndi matebulo, koma kutenthako sikutuluka momwe kunalowera. Galasi lakuda lija timalikonda chifukwa limaoneka lachibwana nalonso limamwa dzuwa, n'kumatentha ngati chiwaya. Kunyanja vutoli limakula, poti dzuwa limabwera kawiri: lochokera kumwamba ndi lonyezimira pamadzi. Onjezanipo chinyezi cha Januwale, thukuta osauma, muone ngati mlendo angaitanitse mbale yachiwiri.

Taonaninso kumene nyanjayo ili. Ku Salima ndi ku Nkhata Bay madzi ali kummawa, choncho khoma la galasi loyang'ana nyanja limalandira dzuwa lonse la mmawa maso ndi maso. Ku Cape Maclear, kumene alendo amapita kukaonera kulowa kwa dzuwa, chilango chimabwera masana mpaka madzulo, ndipo n'choopsa kuposa. Dzuwa la pamutu denga limatchinga. Lovuta ndi lopendekera ili, lolowera m'mbali. Pulani imodzi siingagwire ntchito malo onsewa, koma ife timangokopera ngati mwana wa sukulu woonera mayeso.

Eni ake amati, "Tiika ma air conditioner." Magetsi ake ati, abale? Mu Januwale 2022 namondwe Ana anawononga malo opangira magetsi a Kapichira, dziko n'kukhala mumdima wosinthanasinthana kupitirira chaka. Magetsi akathima, nyumba ya galasi losatsekuka imasanduka uvuni m'mphindi zochepa, ndipo jenereta imamwa dizilo woti ndalama yake akanalipira woperekera zakudya. Akayaka, makinawo akaziziritsa kwambiri m'kati pamene kunja kuli chinyezi, galasi limachita thukuta, nyanja ija osaonekanso. Ndiye mwagula chiyani?

Kunja kuli magalasi anzeru ndithu. Ena ndi ophatikiza awiri okhala ndi mpweya pakati, ena anapakidwa kansalu kachitsulo kosaoneka kamene kamabweza kutentha koma kuwala kumadutsa. Ndi abwino, koma amachokera kunja ndipo amafuna madola. Kwacha itagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndani pa Migowi kapena pa Monkey Bay angasinthe galasi lotere likasweka? Ndipo lidzasweka. Ife a ku Phalombe amene tinaona namondwe Freddy mu Malichi 2023 sitifunika kuuzidwa za mphamvu ya mphepo ndi madzi. Mu 2024 nyanja ya Malawi inakwera mpaka kulowa m'malo ena ogona alendo ku Mangochi. Khoma la njerwa limauma n'kupakidwa laimu. Galasi lofika pansi limatoledwa ndi tsache.

Chonsecho nzeru tili nayo kale, dzina lake khonde. Agogo athu sanapite ku Polytechnic, koma ankatulutsa denga patali kuti dzuwa lisakhudze khoma. Azungu omanga nyumba zakale za ku Zomba anachita zomwezo, makonde kuzungulira. Galasi lokhala pamthunzi wa khonde lalitali silivuta, ngakhale litakhala wamba. Kumene dzuwa limalowera m'mbali, dzalani mitengo kapena pachikani mikeka ya bango yotsitsa ndi kukweza. Bango ndi milulu ku Chilwa n'zosasowa, ndipo ndalamayo ingatsale m'manja mwa amayi oluka.

Mawindo azitsekuka mbali ziwiri zoyang'anizana kuti mphepo ya panyanja idutse, ndipo pamwamba pakhale potulukira mpweya wotentha. Ma louvre akale aja, amene tikuwanyoza kuti ndi a m'kalasi ya pulayimale, amagwira ntchitoyi bwino zedi: mwera ukavuta mu Juni mumatseka, Okutobala mumatsegula, limodzi likasweka mumagula limodzi. Kumbuyo kwake kukhale sefa, chifukwa udzudzu wa kunyanja sudziwa kuti mlendo wachokera ku London. Nkhungu nazo zikatuluka panyanja zimathamangira kuwala, ndipo amene amapukuta khoma lonse la galasi mmawa mwake si mwini wake ayi.

A khonsolo amene mumadinda mapulani, musamangowerenga zimbudzi ndi kulandira chiphaso. Funsani kuti dzuwa la 3 koloko masana lidzagwera pati, ndiponso kuti magetsi akathima anthu adzapumira pati. Womanga akasowa yankho, m'bwezereni pepala lake akajambulenso khonde.