Mnyamata wacoka m'jele ndi minofu: adzam'lemba nchito ndani?

Pa 25 May kapena pa 24 October timaona zithunzi zozolowelaka pa ZNBC. Mageti a ndende atseguka, akaidi amene Pulezidenti wawakhululukila atuluka ndi tumapulasitiki m'manja, azimai aimba nthungululu. Nafenso timaomba m'manja. Pakapita mwezi umodzi, mnyamata uja timam'peza pa siteshoni ali ng'wang'wazi, kapena waima pakhomo la bala usiku kukankha oledzela. Ndiye timagwedeza mitu n'kumati jele sisintha munthu.

Koma ndani anam'patsa nchito ina? Ku kampani amafuna police clearance, ndipo pepalalo likaonetsa mlandu, kalata yake imathela m'bini. Amalume ake am'bisila makiyi a kantemba. Cimene watsala naco ndi thupi limene analimbitsa m'ndende, ndipo amene amafulumila kuligula timawadziwa: eni mabala, okongoza ndalama za kaloba amene afuna woopseza nae angongole, ndi andale amene amasowa makada nthawi ya kampeni.

Ife tikuti thupi limenelo lili ndi msika wina waulemu, ndipo tikuunyalanyaza. Ndi nchito yophunzitsa anthu masewela olimbitsa thupi.

Mu 2016 Zambia Prisons Service inasintha dzina kukhala Zambia Correctional Service, kutanthauza kuti colinga ndi kuwongola munthu. Akaidi amaphunzila ukalipentala, kusoka, kumanga ndi ulimi, ndipo ena amalemba mayeso a TEVETA. Zimenezi sitikuzinyoza. Koma tiyeni tiwelengele. Kalipentala akatuluka afunika sowo, landa, matabwa ndi malo ogwililapo. Telala afunika makina. Mlimi afunika munda, mbeu, feteleza ndi cakudya ca miyezi isanu poyembekezela kukolola. Munthu amene watuluka ku Mukobeko kapena ku Namuseche alibe ngakhale ya basi, zonsezi azitenga kuti? Wophunzitsa masewela amayamba ndi bwalo la mpila, cingwe columphila, matayala akale ndi zitini ziwili zothila simenti. Akapeza anthu 20 olipila K10 aliyense, katatu pa wiki, ndi K600 imeneyo. Si cuma, koma ndi unga ndi lendi, ndiponso ndi ndalama imene angaionetse kwa amai ake osacita manyazi.

Ofuna kuphunzitsidwa alipo. Pitani Loweluka m'mawa poimika magalimoto pa ma mall a mu Lusaka muone khamu la aerobics, azimai ndi azibambo thukuta lili kamukamu. M'makomboni namonso BP ndi shuga zatilowelela, ndipo akacipatala amatiuza tsiku ndi tsiku kuti tiziyendetsa thupi. Ambili a ife ndalama ya jimu ya ku Kabulonga tilibe. Tifunika munthu wa pafupi, wochipa, wofika pa bwalo 05:30 osaphonya. Ndani anazolowela kudzuka pa belu kuposa amene anakhala m'jele?

Kwina zinacitika kale. Ku New York kuli mwamuna wina dzina lake Coss Marte, amene anamangidwa cifukwa cogulitsa mankhwala osokoneza bongo. Ali m'ndende madokotala anamuuza kuti ndi kunenepa kwake angafe pasanathe zaka 5. Anayamba kuthamanga pabwalo la ndende ndi kucita masewela m'kacipinda kake popanda citsulo ciliconse, ndipo pa miyezi 6 anataya makilogilamu oposa 30. Atatuluka mu 2013 anafunsila nchito m'malo ambili, osam'tenga. Anayamba kuphunzitsa anthu mu paki, ndipo mu 2014 anakhazikitsa ConBody, jimu imene imalemba anthu ocoka m'ndende kukhala aphunzitsi. Sanabise mbili yake. Anaiika m'dzina la bizinesi, anthu n'kumalipila kuti aphunzitsidwe ndi akaidi akale. New York si Kanyama, tidziwa. Koma paki ndi bwalo la fumbi n'cimodzimodzi kwa munthu wocita mapushapu.

Tamva kale zimene ena adzakamba. Adzati, ndani angalole mkazi wake kapena mwana wake kugwilidwa mkono ndi cigawenga? Funso limeneli lili ndi mbali yoona. Amene anamangidwa pa mlandu wogwilila kapena wogona mwana asayandikile kalasi ya ana kapena ya azimai, ndipo apa palibe cokambilana. Koma m'ndende zathu muli ambili amene analowa cifukwa ca foni, mbuzi, camba kapena ndeu ya pa mowa ali ndi zaka 19. Kuwaika onse m'thumba limodzi ndi ulesi wa maganizo. Ndipo n'zodabwitsa kuti munthu yemweyo timam'khulupilila kuima pakhomo la bala pakati pa usiku, pamene pali mowa ndi mipeni, koma timamuopa m'mawa kukuwala, pabwalo, pamaso pa anthu 20. Police clearance iwelengedwe kuti tidziwe mtundu wa mlandu ndi caka cimene unacitika. Isakhale cidindo cotsekela munthu pakhomo mpaka imfa.

Ena adzati minofu si nzelu. Apa tigwilizana nao kothelatu, ndipo ndiye cifukwa cake tikulemba. Munthu wodziwa kunyamula zitsulo angathe kupha agogo a BP ngati awathamangitsa monga msilikali. Afunika kuphunzila mmene mtima ndi mfundo za thupi zimagwilila nchito, masewela oyenela mai amene wangobeleka kumene, zocita munthu akakomoka, ndi kasungidwe ka buku la ndalama. Zimenezi ndi za miyezi yowelengeka, ndipo m'ndende nthawi ndiyo yosasowa. Ngati mkaidi angalembe mayeso a kumanga nyumba ali mkati, n'ciani ciletsa kuti atuluke ndi setifiketi ya uphunzitsi wa masewela ndi ya first aid? Akaidi acikazi asaiwalike, pakuti azimai ambili amamasuka kuphunzitsidwa ndi mkazi mnzao.

Ndalama zisakhale cothawilapo. Mu 2022 CDF inakwela kufika pa K25.7 miliyoni pa constituency iliyonse, ndipo mbali ina ndi yolipilila acinyamata maphunzilo a luso. Makomiti a m'mawadi aike ocoka m'ndende pa mndandanda umenewo mwadala. Makhonsolo ndi masukulu atsegule mabwalo ao m'mamawa. Mabungwe monga PRISCCA, limene mtsogoleli wake wakale Godfrey Malembeka nayenso anakhalapo m'ndende, angathandize kuonetsa amene ali okonzeka. Inu eni majimu, tengani mmodzi muyese kwa miyezi itatu, ayambe ndi kupukuta makina ndi kuthandiza mphunzitsi wamkulu. Inunso a chalichi amene mumapita ndi sopo ndi nyimbo ku Chimbokaila, holo yanu imakhala yokhoma kuyambila Lolemba mpaka Lacisanu. Munthu amene munam'pemphelela ali mkati akabwela kudzapempha makiyi a holoyo kuti aphunzitse azimai khumi m'mawa, mudzam'yankha ciani?