Ntchito za boma la Dubai sizilowera khomo limodzi

Boma la Dubai lili ndi tsamba la pa intaneti lotchedwa Dubai Careers, pamene nthambi zake zambiri zimalengeza mipata ya ntchito, ndipo Amalawi amene anazolowera kudikira chilengezo cha Civil Service Commission m'nyuzipepala amaliyesa khomo lokhalo lolowera m'boma. Amatumiza makalata miyezi ingapo popanda yankho, mpaka kuganiza kuti mapepala awo a sukulu ndi achabe, pamene vuto lenileni lili pena. Mipata yochuluka ya pa tsambalo, makamaka ya m'maofesi ndi ya ongomaliza kumene maphunziro, imasungidwira nzika za United Arab Emirates (UAE), zimene zili pafupifupi munthu mmodzi pa anthu 10 alionse okhala m'dzikolo. Ndondomeko yoika eni nthaka patsogolo imeneyi imatchedwa Emiratisation, ndipo inakula mphamvu mu 2021 pamene boma la dziko lonse linakhazikitsa pulogalamu ya Nafis yothandiza nzika kupeza ntchito ngakhale m'makampani omwe si aboma. Palibe chifukwa choidandaulira, pakuti dziko lililonse limayamba ladyetsa ana ake, koma mlendo ayenera kuidziwa asanataye nthawi.

Chimene ambiri sachizindikira n'chakuti ntchito yaikulu ya boma la Dubai imagwiridwa ndi makampani amene bomalo ndi mwini wake, osati ndi nthambi za boma zokha. Bungwe la Investment Corporation of Dubai, limene linakhazikitsidwa mu 2006 kuti lizisunga chuma cha boma cha m'makampani, ndilo mwini wa kampani ya ndege ya Emirates, ya dnata imene imasamalira katundu ndi apaulendo pa mabwalo a ndege, ndiponso ya mafuta ya ENOC. Palinso DP World, yoyendetsa doko la Jebel Ali, imene anthu a ku Mozambique amaidziwa chifukwa imagwira ntchito pa doko la Maputo. Kampani iliyonse mwa izi ili ndi tsamba lakelake lolembera anthu, ndipo zimalemba alendo ochuluka kwambiri. Emirates, imene ndege zake zakhala zikutera ku Lusaka ndi ku Harare kuyambira mu 2012, imachititsanso masiku oonana ndi ofuna ntchito ya m'ndege m'mizinda yosiyanasiyana ya padziko, ndipo masikuwo imawalengeza yokha pa tsamba lake.

Khomo lina, limene lili lotakasuka kuposa onse, ndi la makontirakitala, kutanthauza makampani amene boma limawapatsa ntchito zake pa mgwirizano wa zaka zowerengeka. Sitima za Dubai Metro, zimene zinayamba kuyenda pa 9 September 2009, ndi za bungwe la boma loona za misewu ndi mayendedwe lotchedwa RTA, koma mtsikana wovala yunifomu amene amaima pa geti la siteshoni ya Union, kuthandiza mlendo amene khadi lake lolipirira ulendo la nol lakana kutsegula, nthawi zambiri salipidwa ndi RTA. Mpaka mu 2021 sitimazi zinkayendetsedwa ndi kampani ya Serco, ndipo kuchokera chakacho zili m'manja mwa Keolis-MHI, choncho wofuna ntchito ya pa siteshoni amene akungoyang'ana zolengeza za boma sadzaiona. N'chimodzimodzi alonda ndi ogwira ntchito zamanja ambiri a pa bwalo la ndege, amene amalembedwa ndi makampani ngati Transguard. Kusiyanaku si kwa dzina chabe, chifukwa wolembedwa ndi kontirakitala sali pansi pa malamulo a ogwira ntchito m'boma, koma pansi pa lamulo la ntchito nambala 33 la 2021, limene linayamba kugwira ntchito pa 2 February 2022. Lamuloli limaika malire a maola 48 pa sabata ndi tchuthi cha masiku 30 pa chaka, komanso ndalama yotsanzikira yofanana ndi malipiro oyambira a masiku 21 pa chaka chilichonse cha zaka zisanu zoyamba. Amene achibale ake akulengeza kumudzi kuti "walowa m'boma ku Dubai" ayenera kuwerenga dzina la bwana limene lalembedwa pa kontirakiti.

Anamwino ndi madokotala njira yawo ndi ina, pakuti zipatala za boma monga Rashid ndi Latifa zili pansi pa bungwe la Dubai Health, ndipo munthu sangagwire odwala popanda chiphaso cha Dubai Health Authority, chimene chimapemphedwa kudzera pa tsamba la Sheryan pambuyo poti kampani ya DataFlow yafunsa sukulu ndi zipatala zimene munthuyo anadutsamo ngati mapepala ake ndi enieni. Pa ntchito zina zofuna digiri, satifiketi iyenera kudindidwa ndi unduna woona za ubale ndi mayiko akunja wa dziko limene inachokera, kenako ndi ofesi ya kazembe wa UAE, pomaliza ndi unduna wotere wa ku UAE komweko. Zidindozi zimadya ndalama ndi nthawi, ndipo n'kwanzeru kuziyamba munthu akadali kwawo.

Pa nkhani ya intenishipu, imene ndi nyengo yochepa yophunzira ntchito uli pantchito pomwepo, mwayi wa mlendo ndi wochepa ndithu. Mipata yambiri imadzera m'mayunivesite a mumzindamo, monga a ku Dubai International Academic City, ndipo chionetsero cha ntchito cha Ru'ya chimene chimachitikira ku Dubai World Trade Centre chinakonzedwera nzika. Wachinyamata wa ku Lilongwe sayenera kugulitsa munda wa makolo pofuna intenishipu ya ku Dubai.

Chomvetsa chisoni n'chakuti kuchuluka kwa makomo kumeneku ndiko kumapereka mpata kwa akamberembere, amene amatumiza pa WhatsApp kalata yokhala ndi chizindikiro cha kampani yotchuka n'kupempha ndalama ya viza kapena ya chipatala. Nkhani ya amayi a ku Malawi oposa 50 amene anazunzika m'nyumba za mabwana ku Oman, imene wailesi ya BBC inaulutsa mu 2024, inayambira pa malonjezo a ma ejenti. Lamulo la ku UAE limaletsa bwana kulipiritsa wantchito ndalama zomulembera, ndipo kalata yeniyeni yolonjeza ntchito m'kampani yoyang'aniridwa ndi unduna wa zantchito wotchedwa MOHRE imakhala ndi nambala imene munthu angaifufuze pa tsamba la undunawo asanagule tikiti. Kugwira ntchito pa viza ya mlendo wodzacheza n'kuphwanya lamulo, ngakhale bwana atanena kuti ndi kuyeserera kwa mwezi umodzi, ndipo kuyambira mu 2024 chindapusa cha wolemba munthu wopanda chilolezo chimayambira pa madirham 100,000 kufika pa 1 miliyoni. Kwa amene ali ndi digiri ndipo akukwaniritsa zofunika zina, kuyambira mu October 2022 pali viza yodzafufuzira ntchito ya masiku 60, 90 kapena 120, imene siifuna munthu womuitana, koma nayonso imangololeza kufunsira ntchito, ndipo kuyamba kugwira kumadikira mpaka bwana atatulutsa chilolezo.